Musanathamangire satifiketi ya ISO, yambani mwaona kaye mipata ya pa kampani panu

Masiku ano m'magulu a WhatsApp a anthu a bizinesi kuno ku Mzuzu funso limodzi likungobwerabwera. Wina waona tenda m'nyuzipepala ndipo pansi penipeni alemba kuti ofuna kupereka katundu akhale ndi ISO 9001, wina wapeza wogula wa kunja amene akufuna uchi kapena khofi koma akuti titumizireni kaye satifiketi ya ISO 22000 kapena ya HACCP, zonse ziwiri za chitetezo cha zakudya, nde aliyense akufunsa kuti kodi pepala limeneli amagulitsa kuti, ndi ndalama zingati, kodi angandidindire sabata yomwe ino tenda isanatsekedwe? Ayi abale anga, silipepala longolipira pa windo n'kutenga ngati laisensi ya bizinesi. Ndipo musanafike n'komwe pa nkhani ya satifiketi pali ntchito ina imene akatswiri amaitcha gap analysis, yomwe ambiri amailumpha kenako ndalama n'kupita padera.

Gap analysis ndi kuyika mbali imodzi zonse zimene muyezo wa ISO ukufuna, mbali inayo zimene kampani yanu ikuchita lero lino, n'kulemba paliponse pamene ziwirizi sizikukumana. Malo osakumanawo ndi amene tiziwatcha mipata.

ISO-yo ndi chani kwenikweni

ISO ndi bungwe la miyezo la dziko lonse, likulu lake lili ku Geneva ku Switzerland ndipo linayamba ntchito mu 1947. Dziko lililonse limaimiridwa ndi bungwe limodzi lokha, kwathu kuno ndi Malawi Bureau of Standards, a MBS, omwe anakhazikitsidwa mu 1972.

Miyezo ilipo ya mitundu iwiri ndipo pamenepa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Pali muyezo wa katundu, umene umanena za chinthu chenichenicho, mwachitsanzo muyezo wa uchi wa Codex umati chinyezi chisapitirire magawo 20 pa 100 alionse. Kenako pali muyezo wa kayendetsedwe ka ntchito, uwu suyang'ana botolo limodzi la uchi ayi, umafunsa kuti inuyo mumatsimikiza bwanji kuti botolo la lero, la mawa ndi la chaka cha mawa onse atuluka bwino ngakhale a bwana atadwala kapena atapita ku maliro ku Euthini sabata yathunthu. ISO 9001 ndi wa mtundu wachiwiriwu, umaona za ubwino wa katundu ndi ntchito, unatuluka koyamba mu 1987 ndipo unakonzedwanso mu 1994, 2000, 2008 ndi 2015. Anzake ndi ISO 14001 wa zachilengedwe, ISO 45001 wa chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito womwe unatuluka mu 2018, ISO 22000 wa chitetezo cha zakudya, ndi ISO/IEC 27001 wa kuteteza zinsinsi ndi zosungidwa m'makompyuta, womwe mabanki ndi makampani a intaneti amaufuna kwambiri.

Chabwino chake miyezo imeneyi anaiyala mofanana, mitu khumi. Mitu itatu yoyamba ndi malonje chabe, zofunika kuchita zimayambira mutu 4 mpaka 10: kudziwa bwino kampani yanu ndi anthu amene imawakhudza, utsogoleri, mapulani, zothandizira ntchito monga anthu ndi zipangizo, ntchito yeniyeniyo, kuyeza mmene zikuyendera, ndi kukonza zolakwika. Mukaudziwa umodzi enawo simuwaona achilendo.

Chinanso, a ISO eni ake sapereka satifiketi kwa kampani iliyonse. Iwo amangolemba miyezo basi. Satifiketi amapereka ndi mabungwe ena apadera amene amatumiza oditala, munthu wobwera kudzafufuza ngati zimene mukunena ndi zimenedi mukuchita.

Bwanji osangoitana oditalayo straight

Mwini minibasi ya Mzuzu–Karonga amene ali ndi nzeru sapita nayo ku COF asanadutsire kwa makaniko. Amaikweza kaye pa dzenje, makaniko n'kuona mabuleki, matayala, magetsi, n'kumuuza kuti a bwana ichi chili bwino, ichi sinthani, ichi chikhoza kudikira. Gap analysis ndi ulendo wa kwa makaniko umenewo. Palibe wokulembani kuti mwalephera, palibe satifiketi yomwe ikulandidwa, mukungofuna kudziwa zoona zake inu nokha musanalipire munthu wobwera kudzaweruza.

Chifukwa oditala akabwera amalipiritsa pa tsiku, kuphatikizapo ulendo ndi malo ogona, ndipo kuno ku mpoto ambiri amachokera ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Akapeza kuti simunakonzeke, ndalama ya ulendo umenewo yapita ndipo adzabweranso pa bilu yanu yomwe.

Ntchito yake imayenda bwanji

Choyamba ndi kugwirizana malire. Kodi satifiketi mukuifunayo ndi ya kampani yonse kapena ya gawo limodzi? Tingoyerekeza kampani yaing'ono ya ku Luwinga imene imagula uchi kwa alimi a njuchi a ku Mzimba ndi ku Rumphi, kusefa, kuika m'mabotolo n'kugulitsa m'masitolo, komanso pambali imagulitsa sera ndi kupala ming'oma. Ikhoza kunena kuti malire athu ndi kulandira, kusefa ndi kupakira uchi, za ming'oma zikhale kunja. Mukapanda kudula malire chonchi mudzapezeka mukuunika zinthu zomwe wogula wanu sanafunse n'komwe.

Chachiwiri, gulani kopi yeniyeni ya muyezowo. Siyaulere, a MBS amagulitsa ndipo pa webusaiti ya ISO imapezekanso. Anthu ambiri amadalira tima checklist totola pa Google tomwe tina ndi ta mu 2008, nde mumapezeka mukuvutika ndi zinthu zomwe zinachotsedwa kalekale. Mu muyezomo paliponse pamene pali mawu akuti shall ndiye kuti chimenecho ndi chokakamiza, ndipo chilichonse mwa izo muchisandutse funso.

Pa funso lililonse mufunsenso mafunso atatu. Kodi timachita? Kodi aliyense amachita mofanana? Nanga umboni uli kuti? Lachitatuli ndi limene limagwetsa makampani ambiri, ngakhale amene ntchito yawo ndi yabwino ndithu.

Ndipo mayankho ake sapezeka mu ofesi ya a manejala. Mukafunsa a manejala kuti kodi uchi mumauyeza chinyezi polandira, ayankha kuti eya nthawi zonse, ndipo sakunama, ndi zomwe akudziwa. Koma tsikirani kumene amalandirira zigubu, mukaime pafupi ndi mayi amene amagwira ntchitoyo m'mawa galimoto ikafika. Muona kuti kachipangizo koyezera chinyezi, refractometer, kali mu dirowa, amayiwo akungoviika kamtengo m'chigubu, kukweza, kuona mmene uchi ukudonthera n'kunena kuti uwu ndi wokhwima, uwu uli ndi madzi ubwerere. Muwafunse mwaulemu, amayi, nanga kachipangizo kaja? Akuyankhani kuti aaa bambo, kanayamba kuonetsa manambala osokonekera nde ndinangokasiya, ine uchi ndimaudziwa ndi maso. Mwinadi amaudziwa kuposa kachipangizoko. Koma pamenepo pokha mwapeza mipata itatu: chipangizo chosakonzedwa ndipo palibe amene anauzidwa, palibe buku lolembamo zotsatira, komanso luso lonse lili m'mutu mwa munthu mmodzi moti tsiku lomwe amayiwo kulibe mnyamata wogwirizira amalandira chilichonse. Uchi wa chinyezi chambiri umasasa m'botolo, umachita thovu, pena chivindikiro mpaka kutukumuka pa shelefu.

Mayeso amodzi amene ine ndimawakonda chifukwa sanama ndi awa: pitani m'sitolo m'tauni, gulani botolo lanu lomwe, bwererani nalo ku fakitale muliike pa tebulo n'kunena kuti tiyeni tilondole kumene linachokera. Pa lebulo pali nambala ya batchi, kutanthauza gulu la katundu wopangidwa ulendo umodzi? Nambalayo ikukufikitsani ku tsiku losefera? Tsikulo munasakaniza zigubu ziti, za kalabu iti ya alimi, ndani analandira, mabotolo anachokera kwa sapulaya uti? Kenako mutembenuze, mabotolo ena a batchi yomweyo anapita masitolo ati, kuti zitavuta mukawachotse. Pomwe ulusi waduka ndi pomwe pali mpata. ISO 22000 imafuna kuti muzitha kulondola chonchi ndipo muziyesa nthawi ndi nthawi ngati njirayo ikugwiradi.

Pofunsa ogwira ntchito auzeni poyera kuti sikufufuza wolakwa. Anthu akangomva fungo loti wina achotsedwa ntchito, aliyense amayankha zokomera ndipo lipoti lanu lituluka loyera bwino koma labodza.

Mipata imene imakonda kupezeka

Anthu amaopa kuti auzidwa kumanga fakitale yatsopano. Zimachitika, makamaka pa zakudya, ngati chimbudzi chayang'anizana ndi chipinda chopakira kapena denga likudontha, koma mipata yambiri siya simenti ayi, ndi ya marekodi ndi chizolowezi.

Masikelo ndi chitsanzo chabwino. Muyezo umafuna kuti chipangizo chilichonse choyezera chimene mumadalira chizitsimikizidwa kuti chikunena zoona, ndipo pakhale pepala losonyeza tsiku lomwe chinayesedwa ndi tsiku lodzayesanso. Kuno kwathu a MBS ndi amene amaona za masikelo a malonda. Nde mupeza sikelo yaikulu ya pakhomo ili ndi sitika yake bwinobwino, koma kasikelo kakang'ono kopimira mabotolo ndi thermometer ya pa thanki yotenthetsera uchi palibe anazigwirapo chigulireni. Pomwe uchi ukatenthedwa kwambiri umaonongeka, mankhwala ena otchedwa HMF amakwera ndipo ku labu amaonekera.

Madandaulo a makasitomala nawonso. Mwini sitolo ku Katoto waimba foni kuti mabotolo atatu akudontha, a bwana apepesa, atumiza ena, nkhani yatha. Kwa ife ndiye kusamala kasitomala kumeneko. Koma muyezo ukufunsa kuti munalemba pati, munafufuza chomwe chinachititsa, munasintha chani kuti zisachitikenso, ndipo munabwereranso kukaona ngati kusinthako kwathandiza? Mukapanda kulemba simungadziwe kuti madandaulo onse a chaka chino akuchokera ku zivindikiro za sapulaya mmodzi.

Pali nkhani ya ziopsezo, yomwe ISO 9001 ya 2015 inaikapo mtima kwambiri. Apa musakopere za ku Ulaya, lembani zanu zenizeni. Magetsi akazima pakati pa ntchito mumatani ndi katundu amene ali m'makina? Mzuzu ndi wa mvula ndi chinyezi, nyengo ina zovala zimatha masiku osauma, nanga matumba a khofi, mtedza kapena chimanga mu sitolo yanu ali pa mapaleti kapena pansi pa simenti atatsamira khoma? Chuku chimabweretsa poizoni wa aflatoxin, ndipo ku European Union mtedza wodya anthu mwachindunji malire ake ndi ma microgram 4 okha pa kilogalamu. Msewu wa ku Chiweta ukaduka ndi mvula katundu wa ku Karonga afika bwanji? Ndalama zakunja zikasowa mabotolo muwapeza kuti? Kuyambira mu February 2024 a ISO anawonjezeranso chiganizo m'miyezo imeneyi choti kampani iganizire ngati kusintha kwa nyengo kukuikhudza, nde amene muli ndi ma checklist akale chimenechi mulibe.

Koma mpata wovuta kuulemba ndi wa mutu 5, wa utsogoleri, chifukwa amene mukumulembayo ndi yemwe akukulipirani. Kale makampani ankangosankha munthu mmodzi, kumupatsa mafayilo onse n'kumutcha wa ISO, eni ake osakhudzidwa. Muyezo wa 2015 unaika udindowo pa akuluakulu eni ake ndipo oditala amafuna kukhala nawo pansi kuwafunsa zolinga za chaka chino ndi mmene zikuyendera. Ngati a bwana amalamula kuti katundu amene wakanidwa atumizidwebe poti kasitomala akudikira, umenewo ndi mpata waukulu kuposa mafomu onse osowa, ndipo ulembedwe.

Mbali ina yosangalatsa ndi yoti mumapezanso zambiri zomwe mukuchita kale osadziwa kuti muyezo ukuzifuna. Kabuku ka hardcover ka mlonda kolemba galimoto zolowa ndi kutuluka, ma delivery note, gulu la WhatsApp limene supavaiza amatumizamo zithunzi za katundu asananyamuke, kamsonkhano ka Lolemba m'mawa, zonsezi ndi umboni. Muyezo sunena kuti rekodi ikhale ya pa kompyuta kapena ya Chingerezi, ikhoza kukhala ya pamanja, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, bola ikhale yowerengeka, ya deti, yosungika. Ngakhale buku lalikulu lija lotchedwa quality manual, ISO 9001 ya 2015 siikakamizanso. Nchifukwa chake kugula mafayilo okonzakonza musanaunike mipata kumabweretsa ntchito iwiri, anthu amapitiriza kabuku kawo kakale kenako madzulo n'kumadzaza mafomu achilendo ongofuna kusangalatsa oditala.

Lipoti lake ndi zochita nalo

Zonse mwapezazo zimalowa mu tebulo losavuta, Excel yokwana. Mzere uliwonse ukhale ndi chomwe muyezo ukufuna, chomwe mwapeza, umboni womwe mwauona ndi maso, kukula kwa mpata, chochita, dzina la wochita, tsiku lomalizira ndi mtengo wake. Ambiri amapaka mitundu, wobiriwira pomwe zili bwino, wachikasu pomwe zilipo koma zoperewera, wofiira pomwe palibiretu.

Chenjerani ndi maperesenti. Lipoti likhoza kunena kuti mwakwanitsa zambiri ndithu, koma ngati mwa zochepa zotsalazo muli madzi osayezedwa omwe mumatsukira mabotolo, simunakonzeke. Mipata silemera mofanana. Yoyamba kutseka ndi imene ikuphwanya malamulo a dziko kapena ingavulaze munthu. Kenako imene imatenga nthawi yaitali, monga kuitanitsa chipangizo kunja kapena kukonza nyumba. Ndipo marekodi ayambeni msanga ngakhale fomu isanakongole, chifukwa oditala amafuna kuona mbiri ya miyezi ingapo, ndipo marekodi odzaza usiku umodzi ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, pepala loyera lopanda ngakhale dontho la uchi, amawazindikira msanga.

Pa dzina la wochita musalembe kuti management kapena onse. Lembani munthu.

Muchite nokha kapena muitane konsaltanti

Zonse ziwiri zimatheka ndipo chilichonse chili ndi vuto lake. Mukachita nokha ndalama zimapulumuka ndipo nzeru zimatsala pa kampani, koma diso lozolowera siliona, munthu amene wadutsa pa khomo losweka zaka zambiri salionanso kuti ndi losweka, komanso wantchito wamba zimamuvuta kulemba zofooka za abwana ake. Wa kunja amaona msanga ndipo amadziwa mmene ma oditala amaganizira, koma amadula, ndipo ena amangobwera ndi mafayilo omwe anagwiritsa ntchito ku kampani ina n'kusintha dzina pamwamba. Ambiri amasakaniza, wa kunja amatsogolera koma akuyenda ndi anthu awiri atatu a pakampani pomwepo kuti aphunzire. Mukamasankha mufunseni kuti adzakhala nthawi yochuluka bwanji kumalo ogwirira ntchito, osati mu ofesi.

Pali lamulo limodzi lofunika kulidziwa. Bungwe lopereka satifiketi sililoledwa kukhalanso konsaltanti wanu, zili mu muyezo wawo wa ISO/IEC 17021-1, sangakukonzereni dongosolo kenako iwo omwewo n'kudzaliweruza. Nde wina akakuuzani kuti ndikulemberani zonse ndipo satifiketi ndikupatsani ndine ndemwe pakutha pa sabata, dziwani kuti pepala limenelo wogula wozindikira akhoza kulikana. Mabungwe opereka satifiketiwo nawonso ali ndi owayang'anira, monga SADCAS yomwe ili ku Gaborone ndipo imatumikira mayiko angapo a SADC kuphatikizapo Malawi, SANAS ya ku South Africa kapena UKAS ya ku Britain. Funsani wogula wanu kuti amavomereza satifiketi yochokera kwa ndani musanasainirane ndi aliyense.

Zikatha izi chimatsatira n'chani

Mukatseka mipata dongosolo liyenera kuyenda kaye kwa kanthawi, kenako mumachita oditi ya mkati, anthu anu omwe kufufuzana okhaokha koma wina asafufuze ntchito yake yomwe, ndipo akuluakulu amakhala pansi kuunika zotsatira. Ziwirizi oditala wa kunja amafuna kuziona zitachitika kale. Iye amabwera magawo awiri, loyamba kudzaona zolemba ndi kukonzeka kwanu, lachiwiri kudzaona ntchito ikuchitika. Satifiketi ikatuluka imakhala ya zaka zitatu, koma chaka chilichonse amabweranso kudzasuzumira, nde mu bajeti musawerengere ulendo umodzi wokha.

Nthawi zina gap analysis imakuuzani kuti ISO siyoyambira. Kampani ya zakudya imene sinakwanitse MS 21, muyezo wa Malawi wa ukhondo m'malo opangira zakudya, ndi MS 19 wa zolemba pa lebulo, iyambe ndi zimenezo, chifukwa ISO 22000 imamangidwa pamwamba pa ukhondo wa tsiku ndi tsiku womwewo. Ena wogula wawo akungofuna HACCP, njira ya mfundo zisanu ndi ziwiri yopezera malo oopsa pa kapangidwe ka chakudya, yomwe inayambira ku America m'zaka za m'ma 1960 pokonza chakudya cha anthu opita mumlengalenga a NASA, ndipo imeneyi ndi yopepukirapo kuposa ISO 22000 yathunthu. Enanso amatseka mipata n'kusiyira pomwepo osatenga satifiketi, poti msika wawo ndi wa konkuno ndipo palibe akuwafunsa pepala, muyezo sukakamiza munthu kutenga satifiketi. Amene akuloza misika ya kunja kapena matenda akuluakulu ndiye pepalalo amalifunadi, ndipo masiku amene oditala adzakulipiritseni amawerengedwa potengera kuchuluka kwa ogwira ntchito, malo angati ndi kuopsa kwa ntchito yanu, nde malire aja munadula poyamba ndi omwe adzaoneke pa quotation.